Lipenga Lakana Kukwera

4 Malichi

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni, iwe ndi adzukulu anga awiri. Kuno tadzuka, kungoti mawondo. Kalata ino akundilembera a telala a nyumba yoyandikana nafe, ndipo ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asathiremo mchere. Ndamva kuti ukudandaula kuti sindiyankha foni. Foni ija imalira ine ndili kutali, ndipo ndikaigwira ndimangomva mphepo. Nkhani za munthu wamkulu zimayenda pa pepala.

Choyamba ndi cha a Chigubu, mnzanga woimba ng'oma mu bandi yathu, amene ankakunyamula paphewa tikamachokera kokonzekera nyimbo. Achipatala awabweza kunyumba. Miyendo yatupa mpaka nsapato zakana, ndipo mankhwala amene awapatsa ndi ongoziziritsa ululu. Aliyense akudziwa tanthauzo lake, ngakhale palibe amene akulitchula.

Lamulo la bandi yathu ukulidziwa. Woimba akamwalira, bandi yonse imamuperekeza, koma pamanda onse amatsitsa zida, ndipo mnzake amene anayamba naye ndiye amaimba yekha nyimbo yotsanzikana. Mwa ife amene tinayambitsa bandi tatsala awiri, iye ndi ine. Nyimboyo imayambira pansi, koma ndime yomaliza imakwera mpaka pamwamba penipeni pa sakisofoni, lipenga langa lija, ndipo pamenepo umagwira liwu limodzi osalisiya mpaka amayi atayamba kulira. Anzathu onse amene anatsogola ndinawaimbira ndine, ndipo sindinaphonyepo. Dzina loti Tambala sindinalitole pamsewu.

Tsono lipenga langali layamba mwano. Pansi likulira bwino ngati kale. Pakati palibe mlandu. Koma ndikangokanikiza batani la chala chachikulu kuti ndikwere, tsiku lina mawu akutuluka, tsiku lina likungolira ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko. Khosi lake ndatsuka ndi kansalu. Ndalowetsa kapepala kopyapyala pansi pa tizikopa totseka mabowo n'kumakoka, kuti ndione kamene kakutaya mpweya. Tonse tikugwira, kupatula kamodzi ka pakhosi kamene ndikukakayikira pang'ono.

Ine ndaona kuti vuto ndi bango, lija limene ndimamangirira pa mlomo wa lipenga. Mabango amene ndili nawo afewa ngati chikopa chogona m'madzi. Upite ku sitolo ya zoimbira ukagule olimba, a nambala 3, umupatsire dalaivala wa basi yam'mawa. Usachedwe. Matenda sadikira kuti munthu atsuke mbale.

Undiuze ngati mwininyumba wakonza denga lija.

Ndine bambo ako.


15 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndathokoza kuti muli bwino. Ife tilipo. Denga likudonthabe, mwininyumba amangoti mawa. Mdzukulu wanu wamng'ono wachoka dzino, ndiye akuyenda msewu wonse akuseka dala kuti aliyense aone.

Za a Chigubu zandikhudza kwambiri. Mukawauze kuti mwana amene ankamudyetsa maswiti mobisa akuwakumbukira.

Mabango ndi awa. Ndachedwa chifukwa ku fakitale tikuweruka sitolo itatseka kale, mpaka ndinadikira Loweruka. Pamwamba pa sitoloyo pali kachipinda ka mmisiri wokonza zida zoimbira, bambo wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi. Malipenga amawapachika pakhoma ngati nyama m'butchala. Nditamuwerengera zimene munalemba anapukusa mutu.

"Bango lolimba si mankhwala a aliyense, mayi," anatero. "Mukawauze asamalume mlomo wa lipenga akamakwera. Ambiri amaluma, bango n'kutsekeka. Mpweya uzichokera m'mimba, uzithamanga, lilime likwere ngati akunena kuti ii. Ayambire mawu apakati, azikwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku."

Ndinamuuza kuti inu munayamba kuimba ine ndisanabadwe.

"Ndiye kaya," anatero, "mwina lipenga likutaya mpweya penapake. Alitumize ndidzaliunike ndi nyali m'kati."

Ndangonena zimene ananena, musandikalipire ine.

Koma Bambo, foni ija ndinagula yatsopano, si yoti muzimvamo mphepo. Anthu a kuntchito amayankhula ndi makolo awo pa nthawi yopuma, ine ndimangokhala ndi kapu ya tiyi ngati wamasiye. Kodi ndinakulakwirani? Ngati mabataniwo akukuvutani, a telala akuthandizeni kuyankha.

Ndine mwana wanu.


28 Malichi

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Mabango afika, zikomo. Sunandilakwire kanthu, za foni tisiye.

Mmisiri wako ukamuuze kuti mpweya wa m'mimba ndinaudziwa iye akuyamwa. Komabe, poti palibe amene ankandiona, ndinayesa zonse zimene ananena. Ndinatseka chitseko, ndinati ii ngati mwana wa sukulu, ndinakwera pang'onopang'ono mpaka agalu a mumsewu wathu anayamba kundiyankha. Bango lolimba langonditopetsa masaya. Ndinalipala pang'ono ndi lumo, ndinaliviika m'madzi, ndinalisuntha m'mwamba ndi m'munsi. Liwu lapamwamba lija limabwera likafuna lokha, ngati mlamu wangongole.

Lamulungu ndinapita kukaona a Chigubu. Bedi lawo alitulutsa kuchipinda, aliika pabalaza pafupi ndi zenera kuti aziona anthu odutsa. Timitengo tawo ta ng'oma tili pazenera pomwepo, pambali pa mabotolo a mankhwala. Ataona bokosi la lipenga m'manja mwanga anati, "Tsegula. Ndimve katundu wanga ndisanamulandire."

Ndinati, "Munthu samva nyimbo ya maliro ake."

"Nanga tsikulo ndidzamva bwanji, anthu akupanga phokoso ndi mafosholo? Imba."

Ndinaimba. Iwo ankagunda nthawi ndi chala pa chitsulo cha bedi. Ndime zoyamba zinayenda mpaka akazi awo anatuluka kukhitchini ndi chipande m'manja. Titafika pokwera paja, lipenga linatsamwa, kenako linalira mluzu. Chala chawo chinaima.

"Tambala, wagwidwa chitopa?"

"Bango ndi latsopano, silinazolowere."

"Bango lako lakhala latsopano chiyambire mvula." Anaseka mpaka kutsokomola, akazi awo n'kuwadzutsa kuti amwe madzi. Atapuma anandikoka malaya. "Iwe, ine ndakusungira nthawi moyo wanga wonse. Ukathamanga ndimakubweza, ukachedwa ndimakudikira, anthu n'kumati Tambala ndi katswiri. Sindinakulipiritsepo. Ndikupempha chimodzi. Usandiperekeze ndi mluzu wa ketulo."

Ndinawalonjeza, akazi awo akumva.

Mkulu wa bandi, mwana wa dzulodzuloli, wamva kale. Anabwera kwathu ndi ulemu wambiri, chipewa m'manja, akuti, "Madala, bwanji inu mudzaimbe ndime zapansi, pokwerapo adzalandire wa tirampeti?" Ndinamufunsa ngati iye angalole kuti munthu wina akamulirire mayi ake chifukwa ali ndi mawu abwino. Anavala chipewa chake n'kumapita.

Tsono ndaganiza. Kachikopa ka pakhosi kaja ndiye kayenera kukhala mfiti. Lipenga ndalipereka kwa dalaivala, ndalikulunga m'bulangete langa. Chigulireni silinagonepo kunja kwa nyumba yanga. Mmisiriyo aliunike ndi nyali yakeyo, akonze, libwere sabata yomweyi.

A telala aima kulemba, akundiyang'ana, akuti pali chimene ndasiya kunena. Ndawauza kuti cholembera chilibe pakamwa. Alembe zimene ndanena basi.

Ndine bambo ako.


17 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo a Chigubu akadali nafe. Uthenga wanu wondifulumiza, umene munatumiza ndi dalaivala, unandipeza, wonse, ndi mawu amene anawonjezera iye. Pepani kuti zatenga nthawi. Mmisiri anali ndi malipenga a bandi ya sukulu ina atadzaza tebulo, ndipo ndinapitako kangapo mpaka anayamba kundibisalira kuseri kwa kabati.

Koma nkhani ndi yabwino. Anazimitsa magetsi, analowetsa kanyali m'mimba mwa lipenga, ndipo ndinaona ndi maso anga kuwala kukutuluka pa kachikopa ka pakhosi. Munalondola, Bambo. Anati kutayako kunali kochepa, koma wasintha kachikopako, wathira mafuta m'mabatani onse, walipukuta mpaka ndinadziona nkhope. Kenako analiimba. Linakwera mpaka pamwamba osatsamwa, anthu a m'sitolo pansi anasiya kugula. Anati, "Lipenga ili ndi la munthu wolisamala. Masiku ano sapanganso otere." Ndinayenda ngati ndine mwini msewu.

Ndakuchitiraninso kanthu kena, musakane. Mlomo wa lipenga uja unali womvetsa chisoni. Pamwamba pake panali patakumbika kadzenje ngati wadyedwa ndi mbewa, mtundu unasuluka, ndipo fungo lake sindinena. Ndinachita manyazi mmisiri akuutembenuza pa nyali. Anati woterewu ungathenso kusokoneza mawu. Ndiye ndakugulirani watsopano, wakuda, wosalala ngati galasi, wa mtundu umene amaimbira a m'mahotela. Ndi mphatso yanga. Chiyambire ntchito sindinakugulireni chinthu choti mungachigwire tsiku lililonse.

Lipenga likwera basi ya mawa, m'bulangete lomwe lija, ndalichapa. Mukaimbire a Chigubu pazenera kuti mtima wawo ukhale pansi.

Ndine mwana wanu.


21 Epulo

Mwana wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa ndiwe mwana wanga. Mlomo wakale uli kuti?

Ndakhuthula bokosi, ndakutumula bulangete, ndamuimitsa dalaivala pamsewu kuti ayang'ane pansi pa mipando. Palibe. Ndani anakutuma? Ndinati kachikopa. Kodi ndinatchula mlomo?

A telala aika cholembera pansi, akuti salembanso mawu okalipa ngati sindinena chifukwa chake. Chabwino. Lembani.

Dzino langa lakutsogolo, lam'mwamba, linachoka mvula isanayambe. Linzake latsala lokha ndipo likugwedera. Woimba sakisofoni amatsamiritsa mano am'mwamba pa mlomo wa lipenga. Ndiyo nsanamira yake. Pansi ungathe kuimba ndi milomo yokha, koma pamwamba pamafuna pogwira posasuntha. Kadzenje kamene unachita nako manyazi sikanadyedwe ndi mbewa. Anakumba ndi mano anga, pang'onopang'ono, kuyambira amayi ako ali mtsikana. Dzino lotsalali limalowa m'menemo ngati phazi mu nsapato yakale, ndipo likakhazikika bwino, liwu lija limatuluka. Si masiku onse, koma limatuluka. Ndinkati kachikopa kakakonzedwa, mwina lizituluka kawirikawiri.

Watsopanowu ndi woterera. Dzino likangoti ligwire, likutsetsereka. Ndikakanikiza, likupweteka mpaka m'diso, ndipo bango likutuluka lofiira. Chibwerere lipenga, pamwamba sindinafikepo ngakhale kamodzi.

Foni sindiyankha chifukwa mawu anga ayamba kutuluka ndi mluzu. Sindinafune kuti mwana wanga amve bambo ake akuyankhula ngati khomo losatseka bwino. Wamva tsono, zonse.

A Chigubu asiya kudya. Dzulo anatumiza akazi awo kudzafunsa ngati lipenga lafika. Ndinabisala kuchipinda, a telala n'kunena kuti ndapita kumsika.

Pita kwa mmisiriyo lero. Usadikire Loweruka. Mlomowo ubwere ndi basi yoyamba, ngakhale uli ndi fungo.

Bambo ako.


25 Epulo

Bambo,

Kalata yanu inandipeza pa geti la fakitale. Sindinalowenso. Ndinauza kapitawo kuti kwathu kwagwa zovuta, ndinathamanga ndi yunifolomu yomwe.

Mlomowo palibe, Bambo. Tsiku lija mmisiri anandifunsa ngati ndiutenge, ine ndinati ayi, autaye. Ndinanena ndine, ndi pakamwa panga. Anauponya m'chitini cha pansi pa tebulo, chitinicho anakakhuthula m'mgolo wa kuseri kwa sitolo, ndipo galimoto ya zinyalala inadutsa kale. Ndinapitabe kuseriko. Ndinafukula mgolo wonse ndi manja, makatoni, makoko a zipatso, tsitsi la ku saluni yoyandikana nayo. Mlonda ankayesa ndapenga. Atamva nkhani yake anandibwereka ndodo yake.

Mmisiri nditamuuza za dzino anavula magalasi onse awiri.

"Mayi, mukanandiuza sindikanaukhudza. Umenewo sunali mlomo wa sitolo ayi. Unali mlomo wawo."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?"

Wandipatsa timphira tomata pamwamba pa mlomo watsopanowo kuti dzino lizipeza pofewa, ndi ito ndatumiza. Akuti angathenso kusema kadzenje kena ndi tupa, koma sangasemere dzino limene sakuliona. Mukuyenera kubwera. Bwerani, Bambo, ngakhale masiku ochepa. Tikaonanenso ndi dokotala wa mano, alipo pafupi ndi kwathu, ndafunsa kale.

Ndikudziwa kuti ndalakwa. Koma inunso mwandilakwira. Mwandisiya ndikupwetekeni ndi manja anga, ine ndikusekerera kuti ndachita zaulemu. Dzino ndi chiyani kuti mubisire mwana wanu? Ndinakusambitsani muli gone m'chipatala chaka chija, ndiye ndikanakusekani chifukwa cha mluzu?

Yankhani foni. Imbani mluzuwo, ndimva.

Mwana wanu.


11 Meyi

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni, upatsenso ana. Pepa kuti ndachedwa kuyankha. Kubwera sindikanatha. Munthu susiya mnzako pakhomo la imfa kuti ukakonzetse mano.

Timphira tinafika. Ndinamata kamodzi, dzino linagwira pang'ono, koma liwu linatuluka lokhuthala ngati munthu woyankhula ali ndi nsanza m'kamwa, ndipo pamwamba linakanabe. Ndinabwereka tupa kwa wokonza njinga, ndinasema ndekha kadzenje. Ndinasema pambali. Mano anga anadziwa pokumba osayang'ana, koma maso ndi manja zalephera. Mphatso yako ndaiwononga, undikhululukire.

A Chigubu ndinakawaona atatsala pang'ono. Nthabwala zinali zitatha. Nkhope inali itachepa, maso okha. Ndinakhala pampando, ndinawagwira dzanja, ndipo patapita nthawi anati, "Lafika?"

Ndinati, "Lafika."

"Likukwera?"

Akazi awo anali ataima pakhomo la kukhitchini. Ndinati, "Likukwera."

"Ndiye ndigone," anatero.

Tinawaika Lachinayi. Bandi inaimba kuchokera kunyumba mpaka kumanda, ng'oma yawo itanyamulidwa patsogolo, yopanda woimba. Bokosi la maliro litatsika, mkulu wa bandi anakweza dzanja, onse anatsitsa zida. Ndinapita ndekha kumutu kwa dzenje. Ndinali nditavala jekete yofiira ya bandi ija, a telala anaibweza m'chiuno chifukwa yayamba kundikulira.

Ndime zoyamba ndinaimba bwino, ndisaname. Lipenga limene unakonzetsa lija lili ndi mawu okoma pansi kuposa kale. Pokwera paja pakuyandikira, ndinaika chala chachikulu pa batani. Dzino linasuntha, ndinamva magazi pa lilime. Ndinadziwa kuti ndikakanikiza, utuluka mluzu, pamaso pa akazi awo ndi ana awo, ndipo mluzuwo ndi umene anandipempha kuti ndisawaperekeze nawo. Ndinachotsa chala. Ndinaimba ndime yomweyo, mawu omwewo, koma pansi, pamene aliyense wophunzira angafike. Liwu lalitali lija ndinaligwira pansi pomwepo mpaka mpweya unatha.

Amayi analira pamalo pomwe amalirira nthawi zonse.

Nditatsitsa lipenga ndinayembekeza. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi, kufuna munthu mmodzi yekha wondiyang'ana ndi diso loti wabera maliro. Palibe. Mkulu wa bandi anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti, "Madala, inu simukalamba." Wa tirampeti anandinyamulira bokosi la lipenga. Akazi a malemu anagwada, anandigwira mawondo, akuti, "Mwawaperekeza momwe ankafunira, alamu." Iwo amene anaimirira pabalaza tsiku lija, akumva zonse. Ngakhale a telala akuti sanaone kusiyana, ndipo akulemba izi akupukuta maso.

Mwana wanga, moyo wanga wonse ndimayesa kuti anthu amalira chifukwa Tambala wafika pamwamba. Ndataya tulo, ndatuluka magazi, ndakukalipira iwe wosalakwa, chifukwa cha liwu limene palibe ankalimva. Ankalimva munthu mmodzi, kumbuyo kwanga, ali ndi timitengo m'manja. Ndipo ndi yemweyo amene ndamunamiza kawiri, pa bedi ndi pa dzenje.

Za mlomo uja usalirenso. Mlomowo ukanakhalapo mwina ndikanafika, mwina ayi. Za dokotala wa mano usavutike nazo, ndalamazo ugulire ana nsapato. Dzino lija linachoka dzana, lokha, ndikumwa tiyi.

Mkulu wa bandi anabweranso dzulo. Akuti Loweruka kuli ukwati, ndipo eni ake apempha kuti ndikakhalepo, poti anamva mmene ndinaimbira kumanda. Ndavomera. Ndikaimba pansi pomwepo, ndi nkhama zokha. Akavina.

Ndine bambo ako.